Kuchokera ku Lulwe kufika mu Sitandade 3 ya mng'ono wanga

Mng'ono wanga anakhala zaka zitatu mu Sitandade 3. Sankajomba, sankachita mwano, ndipo nyimbo za m'kalasi ankaziloweza msanga kuposa anzake onse. Vuto linali loti pabolodi sankaonapo kanthu. Maso ake anayamba kuchita chifunga ali ndi zaka 6, ndipo pofika chaka chachitatu chobwereza kalasi yomweyo ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Kwathu ndi kwa Lundu, m'boma la Chikwawa, ndipo sukulu yomwe tonse tinaphunzirapo ndi ya boma, ngati zina zonse za kumudzi: ana oposa 100 m'kalasi imodzi, ena pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi ndi choko m'manja.

Tsiku lina amayi anapita kukaonana ndi aphunzitsi ake, ine ndinatsagana nawo.

“Aphunzitsi, nanga mwanayu tizingomusiya choncho?” anafunsa amayi.

“Mayi, ine mawu ndilibe,” anayankha aphunzitsiwo. “Boma linati mwana aliyense alembedwe sukulu, ndipo ine ndinamulemba. Ndimamukhazika kutsogolo, ndimatchula mokweza zomwe ndikulemba. Koma za madontho zija ine sindinaphunzire.”

Madzulo ake tili pamkeka, agogo anamva nkhaniyi ndipo anapukusa mutu. Anati: “Achimwene anga anapita ku Lulwe nthawi ya azungu ali osaona, anabwerako akuwerenga ndi zala. Lero sukulu ili pakhomo pompano, mwana akukanika kuwerenga. Zatheka bwanji?”

Pa nthawiyo ndinali wamng'ono, yankho ndinalibe. Koma funso la agogoli landitsatira mpaka ku yunivesite, ndipo nditayamba kuwerenga mbiri ya maphunziro m'dziko muno ndinaona kuti silinali funso la nkhalamba yongolakalaka zakale. Ndi funso lomwe mbiri ingathe kuyankha.

Zinayambira kwathu konkuno

Anzanga ambiri a ku yunivesite amadabwa ndikawauza kuti maphunziro a ana aulumali m'Malawi anayambira, mwa malo ena, ku Chigwa cha Shire. Tinazolowera kumva za chigwachi pa nkhani za kusefukira kwa madzi, kutentha ndi chimanga cha chithandizo. Koma m'zaka za m'ma 1950, dziko lino lidakali Nyasaland, sukulu ziwiri zoyambirira za ana osaona zinatsegulidwa ndi amishoni: ina ku Chilanga m'boma la Kasungu, pansi pa mishoni ya Dutch Reformed yomwe lero ndi Sinodi ya Nkhoma, ina ku Lulwe m'boma lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Port Herald, lero Nsanje. Ku Lulwe kunali kale mishoni ya South Africa General Mission, yomwe inafika kumeneko cha m'ma 1900 isanatsegule ina ku Chididi. Mpingo wa Africa Evangelical unachokera m'ntchito ya amishoni amenewa.

Kuti sukulu yotere ikhale kuchigwa n'kosadabwitsa. Dera lathu lakhala likuvutika ndi matenda a maso kuyambira kale. Matenda a trachoma amafala kumene kuli fumbi, ntchentche ndi madzi ochepa osambira kumaso; akabwerezabwereza kwa zaka, nsidze zimapindikira mkati n'kumakanda diso mpaka munthu kusiya kuona. Chikuku chikagwira mwana yemwe thupi lake likusowa vitamini A, chimatha kusiya chipsera padiso chomwe sichichoka. Kwa akuluakulu kuli ng'ala. Kafukufuku wa matenda a maso yemwe anachitika m'chigwachi mu 1983, momwe munali Dr Moses Chirambo, dokotala woyamba wa maso wa Chimalawi, anaonetsa kuti khungu lambiri kuno linali lopeweka kapena lochizika. Panatenga zaka pafupifupi 40 kuchokera apo kuti bungwe la WHO lilengeze, mu 2022, kuti trachoma siilinso vuto lalikulu la zaumoyo m'Malawi. Makolo ankadziwa zimenezi mwa njira yawo pamene ankati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza.

Agogo amati achimwene awo anachita khungu atadwala chikuku. Bambo awo anawaperekeza pa sitima ya pamtunda mpaka ku Port Herald, kenako wapansi kukwera mapiri. Ankabwera kumudzi pa tchuthi chokha. Chomwe agogo amakumbukira kwambiri ndi tsiku lomwe achimwene awowo anaimirira m'tchalitchi n'kuwerenga mawu ndi zala, anthu n'kumasuzumira pepala lopanda inki kuti aone ngati sakungonena za pamtima.

Madontho omwe anadabwitsa anthu tsiku limenelo ndi Braille, kalembedwe komwe Mfalansa wosaona Louis Braille anakasindikiza koyamba mu 1829. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera m'kabokosi ka madontho 6 otukuka, atatu kumanzere atatu kumanja, ndipo posinthasintha madonthowo pamatuluka zizindikiro 63. Polemba pamanja, mwana amaika pepala lolimba m'kachitsulo kokhala ndi timabowo n'kumaboola ndi kachisongole, kuyambira kumanja kupita kumanzere, kuti akatembenuza pepalalo aziwerenga kuchokera kumanzere. Palinso makina a Perkins, omwe ali ndi mabatani 6 a madonthowo. Palibe chamatsenga apa, koma palibenso mwana yemwe angadziphunzitse yekha pongokhala m'kalasi. Pamafunika munthu wodziwa yemwe angamugwire zala tsiku ndi tsiku mpaka zalazo zitayamba kumva kusiyana kwa dontho ndi dontho.

Sindikufuna kuti tiikometsere nthawi imeneyo. Sukulu ziwiri m'dziko lonse zinkangotenga ana ochepa kwambiri, ndipo mwana ankapita kokha ngati makolo ake amva za sukuluyo, avomera kusiyana naye miyezi yambiri, komanso apeza ya ulendo. Pa mwana mmodzi wopita ku Lulwe panali ambiri otsala kuseri kwa nyumba. Boma la atsamunda silinkaona maphunziro a ana a anthu akuda ngati udindo wake weniweni, ndiye a ana aulumali kunali kutalitali. Linasiyira amishoni, omwe cholinga chawo choyamba chinali choti munthu awerenge Baibulo. Ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankaganiza kuti wosaona njira zake n'ziwiri: kupempha pamsika kapena kuimba. Alan Namoko wa ku Thyolo tonse timamunyadira ndi banjo yake, koma si mwana aliyense wosaona yemwe anabadwa woimba. Ena anabadwa owerengera ndalama, ena oweruza milandu, ndipo sitinawadziwe.

Komabe chinthu chimodzi chinali choona ku Lulwe ndi ku Chilanga: mwana akafika, ankapeza mphunzitsi wodziwa ntchito yake ndi zipangizo zophunzirira. Mfundo iyi muisunge, tibwereranso.

Montfort ndi zaka za Kamuzu

Ana osamva anadikira nthawi yaitali kuposa osaona. Maphunziro awo anayamba mu 1968, dziko litalandira kale ufulu, pamene abulazala a Chikatolika a chipani cha FIC ochokera ku Netherlands anayamba ntchitoyi ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Kumeneko ndi komwe kuli sukulu ya ana osamva ya Maryview. Pambuyo pake kunabwera zina monga Mua ku Dedza, Mountain View ku Bvumbwe ndi Embangweni ku Mzimba. Taonani mndandandawu ngati munthu wa kuchigwa: sukulu zonsezi zili kumtunda. Kholo la kwa Lundu kapena kwa Tengani lokhala ndi mwana wosamva linkayenera kuwoloka Shire, kukwera zitunda zokhotakhota za ku Thabwa, n'kukamusiya mwanayo kumalo ozizira kumene Chisena ndi Chimang'anja cha kwawo sichimveka kawirikawiri.

Chofunika kwambiri chomwe Montfort inachita ndi kuphunzitsa aphunzitsi. Kwa zaka zambiri, pafupifupi mphunzitsi aliyense wodziwa kuphunzitsa ana osaona kapena osamva m'sukulu za pulayimale m'Malawi anadzera pa koleji imodzi yomweyi. Aphunzitsi amenewa ndiwo anachititsa kuti pabwere njira yachiwiri, yosiyana ndi ya Lulwe: m'malo momanga sukulu ya ana osaona okhaokha, pa sukulu wamba pankaikidwa chipinda chapadera chomwe timachitcha resource centre, nthawi zambiri pamodzi ndi malo ogona. Mwana amaphunzira Braille ndi kuyenda ndi ndodo m'chipindamo, kenako amalowa m'kalasi limodzi ndi anzake oona. Mphunzitsi wa luso lapadera amamasulira zolemba za m'kalasi kupita m'madontho, ndipo mwana akalemba mayeso amamasuliranso madonthowo kuti mphunzitsi wa kalasi athe kuchonga. Kuchigwa kuno chitsanzo chodziwika ndi cha pa sukulu ya Makande ku Ngabu. Kenako panabwera njira yachitatu, ya aphunzitsi oyendayenda, omwe amazungulira sukulu zingapo kufufuza ana ovutika kuona ndi kulangiza aphunzitsi awo.

Kumbali ya malamulo, boma la Dr Kamuzu Banda linakhazikitsa Handicapped Persons Act mu 1971, lamulo lomwe linabala bungwe la MACOHA. Ambiri timalidziwa bungweli chifukwa cha fakitale yowomba nsalu ya ku Bangwe ndi sukulu ya ntchito zamanja ya ku Magomero. Ntchito imeneyi inathandiza anthu ambiri, koma maganizo ake anali a nthawi yake: munthu waulumali ankaonedwa ngati wofunika kumuchitira chifundo ndi kumuphunzitsa ntchito ya manja, osati nzika yomwe ili ndi ufulu wofika ku sekondale ndi ku yunivesite. Ngakhale mawu omwe ankagwiritsidwa ntchito akusonyeza zimenezo. Agogo mpaka lero amati chilema, gonthi, wopepera. Ife tinaphunzitsidwa kunena kuti munthu waulumali, wosamva, wovutika kuphunzira. Kusintha kwa mawuku sikunangochitika. Kunabwera chifukwa eni ake anayamba kudziyankhulira.

Gulu lomwe linakumbukiridwa pomaliza ndi la ana ovutika kumvetsa ndi kusunga zomwe aphunzira. Maphunziro a aphunzitsi awo anayamba ku Montfort mu 1996, zaka zoposa 40 chitsegulireni Lulwe. Kwa ife a kuchigwa, kumene malungo ndi ochuluka ndipo ena amafika ku ubongo n'kusiya mwana ali ndi khunyu kapena mutu wochedwa kugwira zinthu, kuchedwa kumeneku kunali kwakukulu. Ana otere ulumali wawo suoneka ndi maso. Amangotchedwa mbuli, amabwereza kalasi kawiri katatu, kenako amasiya sukulu popanda wofunsa.

Chaka cha 1994

Zinthu ziwiri zinachitika m'chaka chimodzi, ndipo zonse zinafika m'kalasi ya mng'ono wanga.

Choyamba, boma la Dr Bakili Muluzi litangolowa linachotsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ana m'sukulu chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anasefukira, mitengo inasanduka zipinda zophunziriramo, ndipo boma linalemba mwachangu aphunzitsi masauzande ambiri omwe anali asanapite ku koleji ya uphunzitsi. Pakati pa ana atsopanowo panali aulumali omwe kale makolo awo sakanawalipirira fizi, pakuti banja losauka likamasankha mwana womulipirira, waulumali ndiye ankakhala womalizira.

Chachiwiri, mu June chaka chomwecho, nthumwi za maboma 92 zinakumana mumzinda wa Salamanca ku Spain pansi pa UNESCO n'kugwirizana kuti ana aulumali aziphunzira m'sukulu wamba za kwawo limodzi ndi anzawo, ndipo kuti sukulu ndiyo isinthe kuti ikwanire mwana. Ganizo limeneli ndi lomwe lero limatchedwa maphunziro ophatikiza ana onse. Malamulo aakulu a dziko lathu, omwe analembedwa nthawi yomweyo, analetsa tsankho chifukwa cha ulumali mu gawo 20 ndipo anapereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense mu gawo 25.

Kuchokera apo mapepala akhala akuchuluka. Bungwe la FEDOMA, lomwe limasonkhanitsa mabungwe a anthu aulumali, linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo pamodzi ndi mabungwe monga Malawi Union of the Blind ndi MANAD lakhala likukankha boma. Mu 2006 kunatuluka ndondomeko ya dziko yopereka mwayi wofanana kwa anthu aulumali. Mu 2009 Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe gawo lake 24 limanena za maphunziro ophatikiza. Mu 2012 kunabwera Disability Act. Unduna wa zamaphunziro unatulutsa ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ya 2017 mpaka 2021. Mu 2024 lamulo latsopano linalowa m'malo mwa malamulo a 1971 ndi 2012, ndipo MACOHA inasanduka MACODA. Pa ndale, taona malemu Rachel Kachaje, oyendera njinga ya olumala, akukhala nduna, ndipo mu 2021 Overstone Kondowe anakhala munthu woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo.

Zonsezi ndi zenizeni ndipo sizinabwere zokha. Koma tiyeni tibwerere kwa aphunzitsi aja omwe anauza amayi kuti za madontho sanaphunzire. Iwo sankanama, ndiponso sanali munthu woipa. Anachita zomwe lamulo linawauza: anamulemba mwanayo m'kaundula. Pa malipoti opita ku ofesi ya maphunziro, mng'ono wanga ankawerengedwa ngati mwana waulumali yemwe ali pasukulu, ndipo nambala yake inkathandiza kusonyeza kuti dziko likupita patsogolo. Koma kwa zaka zitatu sanawerenge chilembo ngakhale chimodzi.

Apa ndi pomwe pali yankho la funso la agogo. M'nthawi ya achimwene awo, ana ochepa okha ndiwo ankafika pasukulu, koma ofikawo ankapeza mphunzitsi ndi zipangizo. Kuyambira 1994 tinatsegulira khomo ana onse, chomwe chinali choyenera, koma mphunzitsi ndi zipangizo zinatsalira kumalo ochepa omwe zinali kale. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10 mwa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo vuto lofala kwambiri ndi la kuona. Ikani chiwerengero chimenechi pambali pa sukulu za pulayimale zoposa 5,000 zomwe dziko lino lili nazo, ndipo kumbukirani kuti kwa zaka zambiri aphunzitsi a luso lapadera ankachokera pa koleji imodzi. Simufunika kukhala katswiri wa masamu kuti muone kuti sukulu zambiri zilibe mphunzitsi wotere. Tinasuntha mwana, koma sitinasunthe chomwe chinkachititsa kuti mwana aphunzire.

Zomwe zinatsatira kunyumba kwathu

Yemwe anapulumutsa mng'ono wanga ndi mphunzitsi woyendayenda. Anafika pa njinga yakapalasa dzuwa lili paliwombo, malaya atanyowa ndi thukuta, ndipo anatiuza kuti sukulu zomwe amayang'anira ndi zambiri moti sangafike pa iliyonse kawiri pa teremu. Anamuyeza mng'ono wanga pomuonetsa zala ndi zilembo zikuluzikulu, anatilembera kalata yopita nayo kuchipatala, ndipo madokotala atanena kuti masowo sangachirenso, anatithandiza kupeza malo pa sukulu ina yokhala ndi resource centre.

Amayi anakana poyamba. “Mwana wosaona ndikamusiye kwa anthu osawadziwa? Akadwala adzamuona ndani?” Anali agogo omwe anawalimbitsa mtima: “Mwana wanga, amayi anga analiranso chonchi. Musiye apite.”

Anapita mu 2019. Chaka choyamba chinathera pa kuphunzira madontho, ali ndi zaka zomwe anzake anali atayamba kale kuganiza za mayeso a Sitandade 8. Moyo wa kumeneko sunali wofewa. Makina a Perkins anali ochepa, ena owonongeka, ndipo ana ankachita kulandizana. Mapepala a Braille akatha, ankadula makatoni ndi makalendala akale. Mabuku a madontho ankafika anzawo oona atapita kale patali ndi silabasi, ndipo buku limodzi la inki likamasuliridwa m'madontho limasanduka mabuku angapo olemera. Chakudya cha kumalo ogona nthawi zina chinkadalira anthu akufuna kwabwino. Koma pa tchuthi choyamba anabwera ndi pepala, anakhala pakhonde, n'kutiwerengera dzina lake ndi la mudzi wathu.

Mu January 2022 namondwe wa Ana anagwetsa mvula yomwe inadzaza Shire ndi mitsinje yake, n'kudula msewu wa M1 m'boma la Chikwawa. Madzi analowa m'nyumba mwathu usiku. Tonse tinapulumuka, koma katoni momwe mng'ono wanga ankasungamo zolemba zake za chaka chapitacho inanyowa. Kope la inki likanyowa umaliyanika padzuwa ndipo mwina umawerengako zina. Pepala la Braille likanyowa madontho amaphwa, limangotsala pepala losalala. Ndinamuona akupapasa tsamba ndi tsamba, osapeza kanthu. Kuchigwa kuno madzi osefukira si mlendo: 2015, 2019, 2022, kenako Freddy mu 2023. Nthawi iliyonse sukulu zimasanduka misasa ya anthu othawa madzi ndipo maphunziro amaima. Zikayambiranso, mwana woona amabwereka kope la mnzake n'kukopera. Wosaona alibe kobwereka, ndipo woyendera njinga ya olumala amapeza njira ya kusukulu itakumbika.

Lero mng'ono wanga akukonzekera mayeso a Sitandade 8. MANEB imakonza mapepala a mayeso a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu, ndipo amenewa ndi ena mwa masinthidwe omwe achimwene a agogo sakanawalota. Koma akulemba mayesowa anzake omwe anayamba nawo Sitandade 1 ali kumapeto kwa sekondale. Zaka zimene anataya sizinatayike chifukwa cha maso ake. Zinatayika podikira munthu wodziwa madontho.

Tsono titani?

Pali ena omwe amati tibwerere ku sukulu zapadera, popeza kumeneko ndiye kuli luso. Ndimawamvetsa, chifukwa mng'ono wanga anayamba kuwerenga atachoka pakhomo. Koma ndinaonanso mtengo wake: mwana wa zaka 11 kukulira kutali ndi amake, maliro ndi maukwati a pamudzi kumupita, anzake a pamudzi kumuiwala. Ndipo malo ogona sangakwane ana onse. Tikabwerera kumeneko tabwerera ku nthawi yomwe mmodzi ankapita, ambiri n'kutsala kuseri kwa nyumba.

Pali enanso, makamaka m'misonkhano ya m'mahotela, omwe amayankhula ngati kuti mwana akangolowa m'kalasi wamba nkhani yatha. Awa ndiwo ndimatsutsana nawo kwambiri, chifukwa njira yawo ndi yotchipa ndipo imaoneka bwino pa lipoti. Kumanga kanjira kotsetsereka pakhomo la kalasi n'kofunika, koma sikuphunzitsa wosaona kuwerenga kapena wosamva kumva phunziro lomwe likuperekedwa pakamwa pokha popanda chinenero cha manja.

Mbiri ya zaka 70 zapitazi ikutiuza kuti chomwe chakhala chikusintha moyo wa mwana waulumali ndi mphunzitsi wodziwa ndi zipangizo zake. Ku Lulwe zinali choncho, ku Maryview zinali choncho, ndipo kwa mng'ono wanga zinali choncho. Ndiye funso loyenera kufunsa phungu, khansala kapena ofesi ya maphunziro si loti ana aulumali alembedwa angati. Tizifunsa kuti m'zoni muno muli aphunzitsi angati a luso lapadera, ali ndi choyendera chotani, mabuku a madontho anafika mwezi uti, ndipo mwa ana omwe analembedwa Sitandade 1 afika Sitandade 8 ndi angati. Sukulu zathu zinagawidwa kale m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi mlangizi wake ndi malo okumanirapo aphunzitsi. Zoni iliyonse itakhala ndi aphunzitsi ake a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira, ndipo mwana aliyense atamayezedwa maso ndi makutu polowa Sitandade 1, palibe yemwe angakhalenso zaka zitatu akuyang'ana bolodi lomwe sakuliona.

Ambiri mwa inu amene mukuwerenga izi mudzagwira choko, kaya mwakonda kaya ayi, chifukwa ndiyo ntchito yomwe imatidikira ambiri a ife ochita maphunziro a mbiri, zilankhulo ndi chikhalidwe. Tsiku lina mudzapeza m'kalasi mwanu mwana yemwe amayandikitsa kope pamphuno, kapena yemwe sayankha mukamuitana ali chofulatira. Simungadziwe Braille yonse kapena chinenero cha manja chonse, koma mungadziwe kuti mwanayo si mbuli, mungadziwe ofesi yoti mukagogode, ndipo mungakane kumubwerezetsa kalasi kachitatu popanda kufunsa chifukwa chake. Pa yunivesite pano tili ndi anzathu osaona omwe amadikira masabata kuti zolemba za aphunzitsi ziikidwe m'njira yoti kompyuta iwawerengere. Kuwatumizira zolemba zotayipa m'malo mwa chithunzi cha pa foni sikufuna ndalama ya boma.

Pa tchuthi chapitachi mng'ono wanga anawawerengera agogo ndime ya m'buku lake la Chichewa. Atamaliza, agogo anapempha pepalalo, analipapasa ndi zala zawo zokhakhala ndi khasu, n'kunena kuti madontho ake ndi omwe aja a achimwene awo. Kenako anatembenukira kwa ine.

“Iwe wa ku yunivesite, funso langa lija unalipezera yankho?”

Ndinati eya, agogo, ndinalipeza. Anati ndisawauze iwo, poti iwo sukulu anaisiya kalekale. Ndikauze amene amagawa aphunzitsi.